Pakati pa Ulemu ndi Aleluya

Kaseti ija inachokera ku Zambia itakulungidwa m'kampango ka kumutu. Inapezeka pansi pa sutikesi ya mlamu wawo wa a Stefano, mkulu wake wa malemu mkazi wawo Esitele, pamene abale ankagawana zovala maliro a mlamuyo atatha. Pakapepala kake panali patatsala dzina limodzi lokha lowerengeka, Esitele, zina zonse zitasuluka. Amene anaipezayo anali wa mtima wabwino. Sanaiponye kudzala, koma anaipatsira mayi wina wogula mtedza amene amawoloka pa Mwami kawirikawiri, ndipo mayiyo anapatuka njira yake kudzaisiya pakhomo pa a Stefano, kufupi ndi ku Guilleme.

A Stefano anaisunga masabata angapo osauza munthu. Panali chinthu chimene anali asananenepo kwa aliyense: mawu a mkazi wawo anali atawathawa m'mutu. Nkhope ankaiona, pakuti chithunzi chinalipo pakhoma. Kayendedwe kake ankakakumbuka, ngakhale m'mene ankagwirira khasu kumanzere. Koma mawu ayi. Popemphera korona m'mawa ankamutchula dzina, n'kudikira pang'ono kuti mwina liwu lake libwera, koma kunkangoti zii. Zaka zinali zitapitirira makumi atatu chimwalirireni.

Kasetiyo ankaidziwa. Kale pamishoni panali mphunzitsi wina wokhala ndi wailesi yojambula mawu, ndipo tsiku lina anajambula Misa imene Esitele anaimba salimo yekha kutsogolo kwa tchalitchi. Mphunzitsiyo ankaumira tepi: nyimbo ankajambula zonse, koma mawu owerengedwa ankangotapa pang'ono. Esitele anaitumiza kwa mkulu wake kuti naye amve. A Stefano analibe chikayiko kuti inali Misa ya masika, chifukwa m'maso mwawo ankaonabe Esitele ali m'chitenje chatsopano, madengu a mtedza ndi chimanga ali ndandanda kuguwa.

Loweruka lina anaika kasetiyo m'thumba la jekete, nakwera minibasi kupita kuboma, kwa mwana wawo Consolata, amene ankaphunzitsa za makompyuta pasekondale. Consolata anali wakhanda woyamba kumene kuyenda pamene mayi ake ankamwalira. Anamvetsera bambo ake akufotokoza, sanafunse zambiri, anangovala nsapato.

"Tiyeni kwa a Aleck," anatero. "Akakanika iwowo, ndiye kuti m'boma muno mulibe wina."

A Aleck ankakonza mafoni kuseri kwa msika. Anali munthu wa imvi za apa ndi apo, woseka ndi thupi lonse. Kale ankakonza mawailesi, ndipo pashelefu ya pamwamba panali patatsala mitembo yake ingapo, itafunda fumbi. Atawaona a Stefano anadzuka pampando wawo womwe n'kuwapatsa, iwo n'kukhala pakireti.

"Madala, mwachifukula kuti chimenechi?" anafunsa akutembenuza kasetiyo. "Ana a masiku ano akachiona amayesa ndi msampha wa mbewa."

"Muli mawu a mayi ake a uyu," anatero a Stefano.

A Aleck anasiya kuseka. Anatsitsa wailesi imodzi, anaipukuta ndi malaya awo omwe, nalumikiza kumagetsi. Mubabashopu ya pafupi munkalira nyimbo zogwedeza malata. Anatuluka, analankhula kanthu ndi wometayo, ndipo asanabwerere n'komwe nyimbo zija zinazima. A Stefano anaziona zimenezo, nathokoza chamumtima.

Tepi inali itaima poyambira mbali yachiwiri. A Aleck anaika, nadina batani. Panamveka kufwenthera, kenako ng'oma, visekese ndi nthungululu za amayi, zonse ngati zikuchokera pansi pa madzi.

"Zopereka," anatero a Stefano. "Woimba ng'omayo ndi Fletcher. Dzanja lakelo ndi lomwelo."

Asanamalize kulankhula, mawu aja anayamba kufooka n'kuzimirira. A Aleck anaimitsa msanga, natsegula. Anapaka kathonje ka sipiriti pahedi, kachitsulo kamene tepi imakhudza podutsa, nakaonetsa. Kanali kofiirira ngati dothi la katondo.

"Mwaliona dothi ili, madala? Ndi mawu amenewa. Akutsala pahedi. Tepi yapsa ndi kutentha, paliponse pamene tikudutsitsa pakusupuka. Ndiye wailesi yangayinso ndi nkhalamba ngati ine, ikakoka nthawi yaitali imatafuna. Tikati tiyambe pachiyambi mpaka tiwapeze amayi, sitifika."

"Nanga kuthamangitsa ndi batani?" anafunsa Consolata.

"Idula pompo, madamu. Apa n'kupota ndi bolopeni basi, pang'onopang'ono. Kumvera tizimvera pang'ono, ngati kulawa mchere."

A Stefano anayang'ana kathonje kaja. Anaganiza kuti mwina akanachita bwino kuisiya m'kampango momwemo, mawu ali mkati, osamveka koma ali amoyo.

Consolata anagogoda chala patebulo. Kenako anatembenuka.

"Ababa, Misa imayamba ndi chiyani?"

"Iwe, wobatizidwa uli m'manja, ukufunsa zimenezo lero?"

"Tangonenani, mwandondomeko."

A Stefano anawerenga ndi zala zawo zokhakhala: nyimbo yolowera, yopempha chisoni, Ulemu, mawu oyamba, salimo, mawu achiwiri, Aleluya, Mthenga Wabwino, kenako zopereka ndi zotsatira zake.

"Ndiye sitisowa kumvera zonse," anatero Consolata. "Ana anga kusukulu ndimawaphunzitsa zimenezi. Zinthu zikakhala kuti zafola mwandondomeko, suyamba kufunafuna kumutu. Umayang'ana cha pakati. Chimene wapezacho chikuuza chokha ngati chofunacho chili kutsogolo kapena kumbuyo. Theka linalo umalitaya, n'kupitanso pakati pa lotsalalo. Pachingerezi amati bayinale setchi, koma dzinalo musalisamale. Taonani, tayamba kale. Mbali yachiwiri ikuyamba ndi zopereka, ndiye salimo mulibe m'menemo. Yonseyo taitaya."

"Zimenezo ndimachita ine pofuna waya woduka," anatero a Aleck. "Ndiye zili ndi dzina lachizungu? Mukanandiuza kale ndikanalilemba pachikwangwani."

A Stefano sanaseke. Mawu oti kutaya anawakhala pamtima. M'theka limenelo munali anthu: Fletcher ndi ng'oma yake, amayi a nthungululu aja, ambiri mwa iwo ali kumanda. Koma anagwedeza mutu kuvomera.

A Aleck anatembenuza kaseti, analowetsa bolopeni pabowo, nayamba kupota. Ankapota mofatsa, lilime lili pakona pa mlomo, akuyang'ana pakazenera mpaka tepi ya uku ndi uku inafanana kukula. Mnyamata wina anasuzumira pakhomo ali ndi foni yosweka galasi.

"Masana, bwana," anatero a Aleck osadzutsa mutu. "Muno muli Misa."

Anadina batani. Tchalitchi chonse chinalowa m'kashopu kaja, anthu akuimba mokweza, ndipo pansi pake panali phokoso lachitsulo, ngwe ngwe ngwe. Anaimitsa.

"Phokosolo ndi la wailesi yanga, musadandaule," anatero, akupukutanso hedi.

"Ulemu umenewo," anatero a Stefano.

"Salimo lili kuti, kutsogolo kapena kumbuyo?"

"Kutsogolo. Ulemu, mawu oyamba, salimo."

A Aleck anadontheza kadontho ka inki pakazenera posonyeza pamene anali, napotanso mpaka pakati pa chotsalacho. Apa panamveka liwu la mwamuna wokalamba, likuwerenga Chichewa chopindika ngati nkhwangwa yoduka mpini. A Stefano anamwetulira osafuna. Anali wansembe wachizungu uja amene ankayenda panjinga yamoto m'midzi yonse ya kumeneko, amene anawadalitsa ukwati, amene mpaka kufa kwake sanathe kusiyanitsa mtengo wa m'tchire ndi mtengo wa pamsika.

"Mthenga Wabwino. Tapitirira."

"Ndiye amayi ali pakati pa madontho awiriwa," anatero Consolata. Mawu ake anali atasintha. Anatulutsa foni, naiika pafupi ndi sipika.

Anabwerera pakati. Mphunzitsi wa katekisimu, munthu wa liwu la m'mphuno amene ankakoka ana makutu akaiwala malamulo khumi, anali kumaliza kuwerenga. A Aleck anaimitsa asanafike patali.

"Ndi mawu oyamba kapena achiwiri?" anafunsa Consolata.

A Stefano anazengereza. "Zamveka ngati kalata ya Paulo Woyera. Ndiye kuti ndi achiwiri. Bwererani pang'ono."

Tsopano mpata unali utachepa, madontho akuyandikana ngati maso a nkhanga. Anabwerera, napeza wansembe uja akumaliza pemphero lotsatira Ulemu, anthu akuyankha Amen, mabenchi akulira pokhala pansi. Anasuntha pang'ono kutsogolo. Mphunzitsi wa katekisimu yemwe uja anali kutchula mutu wa kalata yomwe ija. Pakati pa pemphero ndi kalata panalibe malo ngakhale a mpweya umodzi.

"Mwina lili pambuyo pa kalatayo," anatero a Aleck. "Tiyese komweko."

Anayesa. Kalata itangotha, wansembe anayambitsa yekha Aleluya, anthu n'kuyankha, iye n'kubwerezanso mokwererapo. A Aleck anaimitsa. Kathonje kanali katada.

Kunja wina ankaitanira tomato.

"Ababa," anatero Consolata motsitsa, "njira imeneyi ili ndi mathero awiri. Mwina umapeza, mwina madontho amakumana pakati palibe kanthu. Akakumana, ndiye kuti chinthucho mulibemo." Anayang'ana madontho aja. "Mwina aphunzitsi aja sanajambule. Mwina inali kaseti ina."

A Stefano anayang'ana mwana wawo, naona misozi ili lengelenge m'maso mwake. Anazindikira pamenepo chimene sanachiganizire m'masabata onse aja: iwo anali ataiwala mawuwo, koma uyu analibe n'choiwala chomwe. Anafuna kumugwira dzanja, koma sizinali za chizolowezi chawo. Anangoti, "Zikomo, mwayesetsa," nayamba kufunafuna chipewa.

Mayi wogulitsa zitumbuwa pakhomo la shopuyo, amene ankamva zonse osalowerera, analowetsa dzanja ndi kapu ya madzi. A Stefano analandira ndi manja awiri. Akumwa, m'khutu mwawo munkabwererabe phokoso lija, ngwe ngwe ngwe, limene a Aleck anati ndi la wailesi. Linamveka pa Ulemu pokha. Pa Mthenga Wabwino panalibe, pakalata panalibe. Ndipo linali ndi kayendedwe kake: kugunda kuwiri kofulumira, kenako kamphindi, ngati munthu wokoka chingwe chachifupi amene akuchita kudumphira.

Anaika kapu pansi.

"A Aleck, wailesi yanu ilibe mlandu. Ndi belu lija."

"Belu?"

"Belu lalikulu la panja. Chingwe chake chinaduka chaka chimenecho, ndinkachita kulumpha kuti ndichigwire." Analoza wailesi ija. "Ndine amene ndikuliza pamenepo."

Consolata anawayang'ana osamvetsa. "Belu limalira pa Ulemu?"

"Pa Misa ya masika ayi. Mabelu amatonthola kuyambira Lachinayi Loyera, n'kudzalira onse pamodzi pa Ulemu wa usiku wa Pasaka. Ndiye chifukwa chake abambo ansembe ayambitsa okha Aleluya. Si ya masika iyi. Ndasokoneza ndine." Anagwira pachipumi. "Chitenje chija chinali cha chaka china."

Zinawapweteka pang'ono kuona kuti chithunzi chimene anachisunga zaka zonsezo, cha madengu kuguwa, chinali cha tsiku lina. Koma pamalo pake panayamba kubwera zina: moto woyaka pabwalo la tchalitchi, fungo la makandulo, kuzizira kwa mwezi wa Epulo, chimanga chikuuma m'minda, Esitele akuwapatsa juzi yake kuti amugwirire popita kutsogolo.

"Ndiye zikusintha chiyani, ababa?"

"Usiku umenewo Ulemu umachedwa. Timayamba ndi mawu a Chipangano Chakale, angapo, ndipo mawu aliwonse ali ndi salimo lake. Masalimo onse amabwera Ulemu usanafike."

Consolata anagwira pakamwa. "Tinataya theka lolakwika."

"Ee, koma si kudzala kumene tinatayira," anatero a Aleck, atatola kale bolopeni. "Lilipo, ndipo sitinalikhudze n'komwe. Madamu, njira yanu ija ndi yabwino, koma imafuna munthu wodziwa kuti nyimbo zafola bwanji."

"Ndimawauza ana zomwezo chaka chilichonse," anatero Consolata, akuseka ndi misozi yomwe. "Ababa, masalimowo ndi angapo. La amayi ndi liti? Mawuwo amatsatana bwanji?"

A Stefano anatseka maso. Kulengedwa kwa dziko. Abrahamu ndi Isaki paphiri. Aisraeli kuwoloka nyanja. Kenako aneneri.

"La pambuyo pa nyanja," anatero. "Ndikukumbuka chifukwa ankaliphunzira akusenda mtedza, ine n'kumamuseka kuti Aejipito amira kangati pakhomo pano."

A Aleck anapota chobwerera, kudutsa madontho onse aja, mpaka pakati pa chiyambi ndi Ulemu. Dzanja lawo linali litayamba kutopa, ankasinthana ndi linzake, koma sanafulumize. Anadina. Liwu la mtsikana linawerenga za nkhuni, moto ndi mwana wofunsa bambo ake.

"Abrahamu. Kutsogolo."

Pakati penanso. Mwamuna wina ankawerenga za onse akumva ludzu kuti abwere kumadzi.

"Mneneri ameneyo. Tapitirira. Kumbuyo."

A Aleck anapukuta hedi mosamala kuposa kale, anauzira, nadikira kuti sipiriti iume. Atapota, anaitulutsa kaseti n'kuiyang'anitsitsa kuwala kwa pakhomo.

"Apa tepi yapyapyala, m'mbali mwake mwayamba kukwinyika. Ndikaiyatsa pano sindiimitsanso, chifukwa sipabwerezeka. Madamu, yatsiranitu foni yanu."

Consolata anayatsa. A Stefano anachita chizindikiro cha mtanda, chaching'ono, ndi chala chachikulu pachifuwa.

Kufwenthera. Liwu la mwamuna likumaliza: madzi anabwerera, nakwirira magaleta ndi okwerapo ake. Kenako kaphokoso ka batani la mphunzitsi wojambula uja, limba likupereka liwu, munthu wina akutsokomola kumbuyo. Mapazi pasimenti. Mpweya wokokedwa pafupi ndi maikolofoni.

Ndipo mkazi anayamba kuimba.

Kwa kamphindi a Stefano anachita mantha, pakuti sanamudziwe. Liwulo linali laling'ono, lopyapyala, la mtsikana. Iwo m'zaka zonsezi anali atamukalambitsa pamodzi nawo, ankayembekezera liwu la mayi wa msinkhu wawo. Koma mzere woyamba usanathe, woimbayo anakwera pamwamba pa limba, woimba limba n'kumuthamangira kuti amupeze, ndipo pa liwu lomaliza anakoka pang'ono ngati munthu wosafuna kutsazika. Pamenepo zonse zinabwera pamodzi ngati mvula yoyamba pamalata: kuitana kwake kuchokera kudimba, kuseka kwake, m'mene ankanenera kuti a Stefano, madzi akuzizira.

Anthu anayankha salimo, tchalitchi chonse. Iye anayamba ndime yachiwiri. Mawu anayamba kulemera, kutsika, kukokeka. A Aleck anaika chala pabatani koma sanadine. Anayang'ana a Stefano, ndipo a Stefano anapukusa mutu kuti aisiye. Liwu lija linayendabe mizere iwiri, likumira pang'onopang'ono, kenako panamveka kuti thapu, ndipo mkati mwa wailesi munangotsala kuzungulira kopanda kanthu.

Mayi wa zitumbuwa uja anali ataima pakhomo, manja ali m'chitenje. A Aleck anazimitsa wailesi, nayamba kutulutsa tepi yodukayo ndi nsonga ya bolopeni, mofatsa ngati akuchotsa munga m'phazi la mwana.

"Anali ndi zaka zingati pamenepa?" anafunsa Consolata.

"Wamng'ono kwa iwe lero." A Stefano anapukuta m'maso ndi chikhatho, kenako anaseka pang'ono. "Wamva m'mene ayambira pamwamba? Nthawi zonse. Woimba limba ankadandaula mpaka kunyumba kwathu."

"Ndiye nanenso ndinatengera kumeneko," anatero Consolata. "Kukwaya amandiuza zomwezo."

Anakhudza foni, naona kuti zajambulika, ndime yoyamba yonse ndi theka la yachiwiri. Anaikweza pafupi ndi khutu la bambo ake, naiyatsa. Mapazi pasimenti, mpweya uja, liwu lija. A Stefano anamvetsera mpaka pamene linadukira. Kenako anayang'ana foniyo mokayika, nayang'ananso kathonje kofiirira kamene kanali patebulo.

"Nanga iyi," anafunsa, "tikamamvera siikusupuka?"

"Siisupuka, ababa. Ngakhale tsiku lonse."

A Stefano anakhazikika bwino pampando wa a Aleck, naika chipewa pabondo.

"Bwereza," anatero.